Chikalata cha Alamu

Wouter Brinkhuis ankakonza mawebusayiti m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya njinga mumzinda wa Groningen. Luso anali nalo ndithu, koma maloya ankadana nawo ngati chimfine.

Tsiku lina Mayi Terpstra, ogulitsa nsomba pamsika, anamupatsa ntchito. Wouter anawakonzera tsamba la pa intaneti lokongola, n'kuikapo kansomba kotsinzina diso limodzi, kamene iye anayamba kukajambula akadali pasukulu ndipo kanali chizindikiro cha bizinesi yake. Chinatsala n'chikalata cha mgwirizano.

"Kaonaneni ndi loya," anatero Hilke, mkazi wake.

"Loya? Munthu wolipiritsa ndi moni yemwe? Alamu anga a Sjoerd ali nacho chikalata chabwinobwino."

"Achimwene amamanga makhitchini, bambo inu!"

"Ntchito ndi ntchito, mayi."

Wouter anakabwerekadi chikalatacho. Paliponse pamene panalembedwa "khitchini" anafufutapo n'kulemba "webusayiti". Zinazo sanawerenge, ati zinali zambiri ngati ulaliki wa pamaliro. Anasainirana ndi Mayi Terpstra, n'kumeza nsomba yaiwisi ya anyezi mokondwera.

Kansomba kaja kanatchuka. Kanafika pa zikwama, pa malaya, mpaka mayiwo anakagulitsa ku kampani ya nsomba za m'zitini. M'mawa wina Wouter ali panjinga anakumana nako katajambulidwa m'mbali mwa basi, kakumutsinzinira. Anakhotera kumsika mtima uli m'mwamba.

"Mayi, nsomba ija ndi yanga!"

"Aaa, a Brinkhuis, khalani pansi mungakomoke," anayankha mayiwo uku akuduladula anyezi. "Si munalemba nokha kuti zonse zoikidwamo, ndi zojambula zomwe, n'za mwini nyumba mpaka kalekale? Ine ndinangosaina."

Apa mpamene mwamuna uja anakagogoda kwa loya, mutu uli pansi. Loyayo atawerenga chikalatacho, anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Analemba izi ndani?"

"Mnzanga wina," anatero Wouter, maso ali kudenga.

"Mukamuuze mnzanuyo kuti nsomba inapita. Aichotsenso pa tsamba lake lomwe asanamusumire. Komanso apa walonjeza kuti kwa zaka khumi, pakadontha paliponse azikakonza ulere."

"Webusayiti imadontha?"

"Mayi Terpstra akati yadontha, achimwene, ndiye kuti yadontha."

Ndipo inkadontha bwanji! Mtengo wa nsomba ukasintha, yadontha. Chithunzi chikawanenepetsa mayiwo, yadontha. Ngakhale Lamulungu foni inkalira, Wouter n'kusiya khofi akuzizira, kukagwadira ntchito yopanda malipiro pansi pa nsomba imene sinalinso yake. Hilke sanamunyoze ayi. Ankangomutsegulira chitseko mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Muyende bwino, a pulambala."

Akuluakulu sananame: nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.