Malo a Mwana wa Esinati

Panali munthu wina, injiniya wa misewu, amene ankakhala mumzinda waukulu wa dziko lina. Dzina lake anali Lemisoni Chamdimba. Anabadwira kumudzi wa kuseri kwa mapiri, kumene basi inkafika kawiri pa sabata, koma anachokako ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Kuyambira pamenepo ankangopitako pa maliro.

Munthuyu anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Sungeni. Anamuika pa sekondale yabwino ya mumzindamo, ya labotale ndi nyumba ya mabuku. Sungeni ankakhoza ndithu, koma m'kalasi mwakemo okhoza anali ambiri. Akalimbikira ankathera pa nambala 12. Akadwalako pang'ono ankatsikira pa 20.

Tsono boma la dzikolo linakhazikitsa lamulo latsopano la kalowedwe ka ku yunivesite. Linaona kuti chaka ndi chaka malo onse ankatengedwa ndi ana a sukulu zowerengeka za m'tauni, pamene sukulu za kumidzi zinkatha zaka khumi osatumizako ngakhale mmodzi. Lamulolo linati pa sekondale iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, mwana amene wamaliza folomu folo ali patsogolo pa anzake onse ali ndi malo ake ku yunivesite. Linawonjezanso kuti pa sukulu za kumidzi malowo ndi a mwana wa pakhomo losauka. Wa nambala wani akapezeka kuti kwawo ndi kopeza bwino, malowo azitsikira kwa womutsatira. Malo otsala ankalimbiranidwa ndi dziko lonse, ndipo anali ochepa.

Lemisoni anawerenga lamulolo m'nyuzipepala, nabwerezanso kachiwiri. Anaona kuti khomo la mwana wake lachepa. Anavutika nazo mumtima masiku angapo. Kenako anakumbukira kuti kumudzi kwawo, pafupi ndi pulayimale imene iye anaphunzirapo, anamangako sekondale yoyendera. Anakumbukiranso kuti mkulu wake Yobe akadali komweko, mlimi wa mtedza, m'nyumba yofolera ndi udzu.

Anaitana Sungeni.

"Ukakhale kwa bambo ako aakulu chaka chimodzi chokha. Kumeneko palibe angakupose. Pa chikalata cha boma tidzalemba kuti anakulera ndi iwowo."

"Nanga si bodza limenelo, adadi?"

"Mwana wa mng'ono ndi mwananso wa mkulu. Ndi mwambo wathu umenewo."

Sungeni analongedza mabuku ake.

Tsiku lomuperekeza, galimoto inadutsa pa pulayimale ija, ndipo Lemisoni anaima osadziwa chomwe waimira. Sukuluyo inali itachepa, kapena maso ake ndi amene anali atakula. Chitsulo cha gudumu la lole chimene ankaimba ngati belu chinali chikadalendewera pa mtengo wa mtondo. Anatsika n'kuchigwira. Pomwepo zakale zinamubwerera zonse.

Anakumbukira mmawa wa mu Juni, ana akuthamanga opanda nsapato pa udzu wa mame, ena atanyamula makala amoto m'kachitini kuti afunditse zala. Anakumbukira kuwerengera masamu ndi zitsekerero za mabotolo, ndi kulemba zilembo pamchenga, aphunzitsi akuyenda pakati pawo n'kumafufuta zolakwika ndi phazi. Anakumbukira tsiku lotsekera sukulu, makolo atakhala pansi pa mtondo, aphunzitsi aakulu akuwerenga mayina mokweza. Ndipo chaka chilichonse mayina awiri oyamba sankasintha. Woyamba anali Esinati. Wachiwiri anali Lemisoni.

Esinati anali kamtsikana kochepa thupi, ka mpata pakati pa mano akutsogolo. Kope linkamuthera teremu isanafike pakati, choncho masamu ankalemba ndi kamtengo pamwendo pake, pa khungu lotuwa ndi chisanu. Ndi pamwendo pomwepo pamene Lemisoni anamvetsa kugawa kwa manambala aatali, aphunzitsi atalephera kumulowetsa m'mutu. Ankapikisana, koma chinangwa chootcha ankagawana.

Atalemba mayeso a sitandade eyiti, mayina a osankhidwa kupita ku sekondale anabwera. Pa sukulu yawo panalibe ngakhale dzina limodzi. Lemisoni anali ndi atsibweni ake kutauni. Iwo anabwera kudzamutenga, anabwereza kalasiyo kumeneko, ndipo chaka chotsatira anasankhidwa. Esinati analibe wachibale kutauni. Anabwereza kawiri pa sukulu yomweyo, mayina anabwera kawiri opanda lake, ndipo kenako anakwatiwa. Zaka makumi atatu zinali zitadutsa Lemisoni osamuganizirako.

Anasiya chitsulo chija, nalowa m'galimoto, nakatula mwana wake kwa Yobe.

Chakacho chinamulemera Sungeni. Anaphunzira kusenza ndowa kuchokera ku mjigo, kuyenda mtunda wautali kupita kusukulu, ndi kukhala atatu pa desiki ya awiri. Koma monga ananenera bambo ake, anali atabwera ndi zaka zitatu za sukulu ya mumzinda m'mutu mwake. Teremu yoyamba anakhala nambala wani. Yachiwiri chimodzimodzi.

Tsiku lina anauza bambo ake pa foni kuti, "Kuno kuli mtsikana wina, Mwandida, amanditsatira pafupi kwambiri. Alibe mabuku. Timawerengera limodzi angawa."

"Usamamupatse onse," anatero Lemisoni moseka. Sanafunse kuti Mwandidayo ndi mwana wa yani.

Chaka chitatha, anapita ku mwambo wotsekera sukulu. Zinali monga kale. Makolo anakhala pabwalo, amayi pa mphasa, abambo pa mabenchi. Lemisoni anapatsidwa mpando wa pulasitiki kutsogolo, poti anabwera pa galimoto. Mphunzitsi wamkulu, mayi wachikulire wa magalasi, anawerenga mayina a folomu folo kuyambira pa wachitatu kukwera m'mwamba.

Atatchula kuti nambala thuu ndi Mwandida, mayi wina anadzuka pa mphasa, naimba nthungululu, navina pang'ono fumbi lili kobo. Atatchula kuti nambala wani ndi Sungeni Chamdimba, mayi yemweyo anadzukanso, naimba nthungululu yoposa yoyamba ija. Lemisoni anacheuka kuti aone amene akukondwerera mwana wake chotero. Anaona mayi wa imvi zotulukira m'mphepete mwa duku, akuseka, ndipo pakati pa mano ake akutsogolo panali mpata.

Mwambo utatha, mayiyo anabwera kudzamupatsa moni, atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere.

"Lemisoni! Pepani, a Chamdimba, pakamwa panazolowera zakale."

"A Esinati. Ndinu?"

"Ndine ndithu. Kwasintha ndi khungu lokha."

"Mwandida ndi wanu?"

"Ndi mzime wanga ameneyo. Zaka zitatu zonse anali patsogolo pano. Chaka chino wapeza womuposa." Anaseka. "Zatembenuka, eti? Kale ine patsogolo, inu pambuyo. Lero wanu patsogolo, wanga pambuyo. Koma muli ndi mwana wa mtima wabwino. Mabuku ake onse ankabwereka mnzakeyo, mpaka ena ankagona kwathu."

"Nanga Mwandida atani tsopano?"

"Atani? Khasu lilipo. Mwina abwereza, ngati sagwa mphwayi. Ine ndinabwereza kawiri."

Lemisoni anayang'ana nkhope yake, kufuna kuona ngati muli mkwiyo kapena chipongwe. Munalibe. Mayiyo ankangosangalala kuti waona mnzake wakale.

Nthawi yomweyo Lemisoni anaitanidwa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Yobe anali atakhala kale pakhonde, atavala jekete lake limodzi la ku tchalitchi, kudikira kuti adinde chala monga anagwirizanira. Lemisoni anamuuza kuti ayambe wadikira, nalowa yekha.

Mphunzitsi wamkulu anamuyalira chikalata cha boma patebulo.

"Pa mzere uwu mulembe amene analera mwanayu, ntchito yake, ndi kumene amakhala," anatero. Anaponya maso pazenera, pamene panaima galimoto ija, nawabwezanso pa pepala. "Ine ndimangodinda zimene kholo lalemba."

Lemisoni anatenga cholembera. Pafupi ndi chikalatacho panali ndandanda wa malikisi, ndipo anaona kuti Sungeni anaposa Mwandida ndi malikisi asanu ndi anayi okha. Mwana wake anabwera ndi aphunzitsi onse a mumzinda kumbuyo kwake. Mwana wa Esinati anali asanalowepo mu labotale chibadwire. Ndipo kusiyana kwawo kunali komweko.

Anaganiza za Sungeni, za ndowa zonse zimene anasenza chifukwa chomvera bambo ake. Anaganiza za maloto a mwanayo ofuna kudzakhala dokotala. Panja ana ankaimba nyimbo yotsekera sukulu, yomwe ija ankaimba iwo kalelo, mawu ake osasintha ngakhale amodzi.

Analemba dzina lake. Pa ntchito analemba kuti injiniya wa misewu. Pa malo okhala analemba dera lake la mumzinda ndi nambala ya nyumba.

Mphunzitsi wamkulu anawerenga, navula magalasi.

"Bambo, mukudziwa tanthauzo la zimene mwalembazi? Malowa atsikira kwa wotsatira."

"Ndikudziwa, amayi. Anali ake kale."

Mayiyo anadinda.

Sungeni anamva nkhaniyi ali m'galimoto, atangodutsa pa mlatho wotulukira m'mudzimo. Anatembenukira kuzenera, nayang'ana minda ya mtedza.

"Mwandisenzetsa madzi chaka chathunthu, adadi," anatero. "Ndinakufunsani ndisanabwere kuno."

"Unandifunsa, mwana wanga. Ndinakuyankha molakwa."

Sungeni analira mwakachetechete mpaka kumzinda. Chaka chimenecho analimbirana nawo malo otsala aja, ndipo sanawapeze. Anabwereza folomu folo ku sukulu yake yakale, pakati pa ana amene kale ankamutcha achemwali. Chaka chotsatira analowa ku yunivesite, koma osati ku udokotala. Anamutenga ku maphunziro a uphunzitsi. Panapita nthawi yaitali asanayambenso kuseka ndi bambo ake monga kale.

Mwandida anapita ku yunivesite, woyamba wochokera pa sekondale ya kuseri kwa mapiri ija. Tsiku lonyamuka, anthu anamuperekeza mpaka pokwerera basi, wina atamunyamulira nkhuku, wina mtedza wa m'thumba. Esinati ankauza aliyense kuti boma lachita bwino ndi lamulo lakelo. Za chimene chinachitika mu ofesi muja sanazimve mpaka kalekale, ndipo Lemisoni sanamuuze.

Tsono inu makolo amene mwakhala pano, musafulumire kumutama munthuyu. Sanapatse Mwandida kanthu. Anangochotsa dzanja lake pa chinthu cha mwini, ndipo anachedwa nacho chaka chathunthu, mwana wake n'kulipira kuchedwako. Lamulo likhoza kukhala labwino, koma limangowerenga zimene zalembedwa pa pepala. Amene wagwira cholembera ndinu. Palibe tchimo kufunira mwana wanu malo. Koma musanamukhazike, weramani muone ngati pamalopo sipanakhale kale mwana wa mnzanu.