Chikalata cha Gasi M'kabati ya Mayi Glenda

Kodi mukuganiza kuti ndani anatchinjiriza Mayi Bernadette Doyle kuti asatulutsidwe m'nyumba ya lendi m'tauni ya Halifax? Mayiwa anali amasiye, analibe loya, ndipo panali munthu amene analumbira kuti chisanu chisanayambe adzakhala atasamuka.

Nyumbayo inali ya Bambo Trevor Ackroyd, yowasiyira malemu bambo awo. Chaka chilichonse, monga lamulo linenera, ankapita ndi mmisiri wovomerezeka kukayeza chitofu cha gasi ndi makina otenthetsera nyumba. Mmisiri akatsiriza ankatumiza chikalata chotsimikiza kuti zonse zili bwino, ndipo mwini nyumba ankayenera kuchipereka kwa wokhalamo pasanathe milungu inayi. Ntchito ya theka la ola imeneyi inkawatengera Bambo Trevor masana onse. Ankabwerako akuimba mluzu, milomo ili ndi nyenyeswa za keke.

Akazi awo, Mayi Glenda, nsanje inkawadya ngati chiswe m'denga.

"Kodi bambo, gasi wa kwa Bernadette amayezedwa ndi kapu ya tiyi?" anafunsa tsiku lina.

"Mayi, munthu akakuthirira tiyi ungamukanire?"

"Keke yanga mumati imakupatsani chilungulira. Yakeyo ndiye mankhwala eti? Nkhalamba yopanda manyazi!"

Chaka chotsatira Mayi Glenda anapita okha ndi mmisiri. Anaima pakhomo chikwama chili m'khwapa, mpando anaukana, tiyi anamukana. Chikalata chitafika, Bambo Trevor anatambasula dzanja.

"Bweretsani ndikawasiyire, ndikudutsa komweko."

"Mukudutsa komweko popita kuti? Msewu uja umathera pakhomo pake. Ndikapereka ndekha."

Koma miyendo yawo inakana ulendowo, ndipo ngakhale sitampa yochitumizira papositi anaona kuti mkazi ameneyo siimuyenera. Chikalata chinalowa m'kabati, pansi pa nsalu za patebulo. Mayi Doyle anaimba foni kawiri kuchipempha. Mayi Glenda poika foni pansi anang'ung'udza kuti, "Akufuna chikalata kapena akufuna wobweretsa chikalata?"

Nsanje sikhuta. Mayi Glenda anawakhalira amuna awo pakhosi kufikira anasaina kalata yowapatsa Mayi Doyle miyezi iwiri kuti atuluke. Masiku amenewo mwini nyumba sankafunika kupereka chifukwa, malinga mapepala ake akhale olongosoka. Mayi Doyle analibe kolowera, choncho anangokhala, ndipo nkhani inakafika kukhoti.

Woweruza anavundukula mapepala n'kuyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Bambo Ackroyd, chikalata cha gasi munapereka?"

Bambo Trevor anacheukira akazi awo.

"Chilipo, bwana," anayankha Mayi Glenda. "Chili kunyumba, chosapindika n'komwe."

"Kunyumba kwa yani, mayi?"

"Kwathu."

"Nanga gasi amene anayezedwayo ndi wa kwanu? Mayi Doyle, inu munalandira kanthu?"

"Ayi, bwana. Ndinapempha kawiri. Chipinda changa chinagundana ndi makinawo, ndiye ndimangofuna kudziwa ngati ndikupuma mpweya wabwino."

Mlandu unathera pomwepo. Woweruza anati kalata yotulutsa munthu amene sanapatsidwe chikalata cha gasi ilibe mphamvu, ndipo ngati mwini nyumba akufunabe, ayambirenso pachiyambi.

Ali pamasitepe a khoti, Mayi Glenda anakoka mkono wa jekete la amuna awo.

"Musadandaule, bambo. Mawa timupatsa pepala lakelo, musainenso kalata ina."

Bambo Trevor anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono.

"Glenda, zaka makumi atatu sindinakutsutsenipo. Kwa mayi aja ndinkangomwako tiyi, ndipo mukudziwa. Koma inu munalola munthu kugona ndi mantha miyezi yonseyi, n'kundiimika pamaso pa woweruza ngati wakuba. Dzanja langali silisainanso."

Ndipo silinasainenso. Mayi Doyle akali m'nyumba muja mpaka lero, ndipo ulendo wa chaka ndi chaka unabwerera kwa Bambo Trevor, pakuti Mayi Glenda manyazi sawalola kuponda mumsewu umenewo.

Akuluakulu sananame pamene anati choipa chitsata mwini. Amene anatchinjiriza Mayi Doyle kuti asatulutsidwe anali Mayi Glenda Ackroyd.