Botolo Lagolide la Apadenga

Apadenga adaponya botolo loyera patebulo n'kuuza mkazi wawo kuti atopa nalo. Iwo anali mmisiri wokhoma malata, ndipo adabadwa ndi khungu lachialubino, lija dzuwa limalinyambita ngati moto paudzu wouma. Mafuta a m'botolomo adawasankhira ndi namwino: otsika mtengo, opanda fungo, okhala ndi nambala yaikulu yosonyeza mphamvu yotchinga dzuwa. Vuto lake anali olimba, ndipo munthu akadzola nkhope inkachita mbuu. Anzawo kuntchito ankawafunsa ngati agona m'thumba la simenti.

Tsiku lotsatira adabwera ndi botolo lina la pamsika, lagolide, lojambulidwa dzuwa ndi mkazi womwetulira. Mtengo wake unaposa wa loyamba lija. Atangolitsekula, fungo lidafika mpaka kukhitchini.

Mkazi wawo adalitembenuza uku ndi uku, nambala ija osaipeza. Atafunsa, adayankhidwa kuti atsegule maso, dzuwalo likuoneka poyera pabotolopo.

"Bambo a ana, pachikwama changa adajambulapo ndege," adatero mayiyo, "koma mudandionapo ndikuuluka?"

Apadenga adaseka, n'kunena kuti mkamwa mwa mkazi simutha mawu. Mayiyo adangozisiya. Kunena zoona, naye fungolo lidamukomera, ndipo zinkamusangalatsa kuona mwamuna wake akutuluka m'nyumba ali see, osatuwa. Mafuta oyera aja adawamalizira yekha m'ming'alu ya kumapazi.

Padenga dzuwa limamenya kawiri: lina lochokera kumwamba, lina lobwezedwa ndi malata. Chipewa nacho chinkangouluka ndi mphepo, mpaka adachisiya kunyumba. Khosi lidayamba kufiira ndi kusupuka. Kenaka pakhutu padatuluka kachilonda. Adati ndi msomali udawakanda. Chilimwe chidatha, mvula idagwa n'kuleka, msomaliwo osapola. Pilo ankadzuka ali ndi magazi.

Pomwe mayiyo ankawakokera kuchipatala, chilonda chinali chitadya theka la khutu. Namwino uja adanunkhiza botolo lagolide, n'kulibweza. Adati awa ndi mafuta onunkhira basi, dzuwa limadutsamo ngati madzi m'dengu. Dokotala adadula khutu lonse, koma adatengera mayiyo pambali n'kumuuza kuti khansa yatsikira kale m'khosi.

Lero Apadenga amakhala m'chipinda chotseka makatani, mutu wokulungidwa nsalu. Hamala idachita dzimbiri kuseri kwa chitseko. Anzawo anthabwala aja akabwera kudzazonda amangoyang'ana nsapato zawo. Denga la nyumba yawo yomwe layamba kudontha, ndipo mkazi wa mmisiri ndiye akutchera mabeseni.

Tsiku lina mkaziyo akuwatsuka bala, iwo adamufunsa chifukwa chake sadalimbikire kuwaletsa. Mayiyo adangofinya nsalu. Funsolo amadzifunsa yekha nthawi zonse akamasamba, akaona mapazi ake osalala.

Ndicho chifukwa akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inu mukamagula mafuta a dzuwa, musagule ndi mphuno. Funani nambala, funsani namwino, dzolani ngakhale mutuwe. Ndipo mnzanu akatuwa, chonde tsekani pakamwa.