Kapeti ya Mayi Gulizari

Bwanamkubwa Behramu, amene Sultani anamuika kuti azilamulira mzinda, analowa m'nyumba ya Mayi Gulizari, woluka makapeti. Anaima pakati pa kapeti yokongola kuposa zonse.

"Iyi mwandipatsa," anatero. "Zikomo."

"Tengani, bwana," anayankha mayiyo. "Kungoti ndinalukira Sultani. Pamene mwapondapo ndi dzina lawo."

Woponda dzina la Sultani ankadulidwa mutu. Behramu anadumphira pambali.

"Apo ndi la bambo awo."

Anakweza mwendo umodzi. Asilikali ake anamunyamula ngati thumba la ufa mpaka panja, anthu a pamsika akuonerera. Sanabwerenso.

Pakapetipo panali maluwa okhaokha. Bwanamkubwa, wodinda malamulo tsiku lililonse, sankadziwa kuwerenga.