Malata Ochedwa a Nagama

Kalekale, koma osati kale loti galimoto zinali zisanayambe kukwera kumapiri kuno, patsinde pa phiri la Kansungwi pankakhala mayi wina wamasiye dzina lake Nagama. Mayiyu ankalera ana ake ndi masikono. Kuseri kwa nyumba yake kunali uvuni wadothi, ndipo m'mawa uliwonse ankasenza dengu kupita kumsika wa pamphambano, pomwe anthu a matola ankatsikira. Masikono ake anali otupa bwino, ofewa, oti ngakhale nkhalamba yopanda mano inkadya osaviika mu tiyi.

Chaka china, dzuwa la Okutobala litaumitsa udzu wonse, moto unabuka m'phiri dzuwa lili paliwombo. Anthu ankati unayatsidwa ndi osaka mbewa, koma wosaka mbewa sasiya dzina lake pa lupsa. Mphepo inautenga motowo n'kuutsitsira kumudzi. Nagama anali kumsika. Pomwe ankafika akuthamanga, dengu likali kumutu, anapeza ana ali bwinobwino pansi pa mtengo wa mango kwa anansi, koma nyumba, nkhokwe, zitini zophikira ndi thumba la fulawa zonse zili phulusa. Ngakhale uvuni, umene unazolowerana ndi moto moyo wake wonse, unaphwanyika khoma la nyumba litaugwera. Chomwe Nagama anatsala nacho chinali dengu lija ndi masikono osagulidwa a tsikulo, ndipo ana anadya omwewo.

Patapita masiku kunabwera anthu a bungwe lina lothandiza pa ngozi, onse atavala zipewa zofanana. Anazungulira mudzi, anapukusa mitu, anajambula phulusa, n'kulonjeza kuti aliyense amene nyumba yake yapsa alandira malata posachedwa. Nagama anawomba m'manja mpaka fumbi la galimoto yawo litatha. Kenaka anadikira, mitambo n'kuyamba kusonkhana kumwamba, iye akudikirabe.

Woyamba kumuthandiza anali a Sandifolo, mng'ono wa malemu mwamuna wake. Bamboyu ankadzitcha mmisiri womanga nyumba, ngakhale palibe amene anamuonapo atagwira chingwe choyezera khoma. Ankati diso lawo ndi lokwanira, chonsecho disolo linali loyang'ana cham'mbali. Anali atawotcha njerwa zoti amangire nyumba yawo, poti yomwe ankakhalamo inali yamatope, yofolera ndi udzu. Anakweza njerwa zonsezo pangolo n'kukazitula pa phulusa la Nagama. Akazi awo anakwiya mpaka anayamba apita kwawo kukapumitsa mtima. Nthawi yonse yomanga, Nagama ndi ana ankagona m'nyumba ya a Sandifolo, eni akewo akugona pafupi ndi khola la mbuzi, utitiri ukuchita nawo phwando.

Nyumba inatha, n'kufoleredwa ndi udzu, mvula isanagwe. Khoma lina linapendekera kum'mawa ngati munthu womvetsera miseche ya anansi. Chitseko chinali chachifupi moti abusa atabwera kudzapemphera anagunda chipumi, pemphero n'kuyamba ndi mawu ena osakhala a m'buku. Nagama anazungulira nyumbayo kawiri, kenaka anafunsa mwaulemu ngati khoma lijalo silidzawagwera ali m'tulo.

"Mlamu," anatero a Sandifolo akupukuta matope m'manja, "khoma lowongoka ndi limene mphepo imalimbana nalo. Ili lagonja kale, palibe chomwe mphepo ingalifune."

Mvula inabwera yamphamvu chaka chimenecho, ndipo m'nyumbamo simunadonthe. Koma pamjigo amayi ankanong'onezana kuti a Sandifolo ndi munthu wokonda mbewa kuposa nyama ya ng'ombe, komanso kuti tsiku la moto lija anawaona akutsika m'phiri ndi khasu paphewa, akuyenda mofulumira kusiyana ndi masiku onse. Nagama anazimva zimenezi. Tsiku lina anayesa kuwafunsa a Sandifolo mozungulira, iwo n'kungoyankha kuti mbewa za chaka chimenecho zinali zowonda, basi nkhani n'kuthera pomwepo.

Pogona panapezeka, koma pamimba panalibe chochita. Apa ndi pomwe panatulukira Nachanza. Ameneyu naye ankaphika masikono, ndipo kumsika madengu awo ankayang'anana ngati atambala awiri. Anali atatha zaka osapatsana moni, chiyambire tsiku lomwe Nachanza anauza kasitomala kuti masikono a Nagama ndi mphepo yokhayokha, Nagama n'kubwezera kuti a Nachanza ndi abwino kugendera agalu. Ndiye m'mawa wina Nagama atamva odi pakhomo n'kupeza ali Nachanza, anaganiza kuti wabwera kudzamuseka.

Nachanza sanalowe n'komwe. Anaima panja manja ali m'chiuno, nati uvuni wake umakhala wozizira dzuwa likatuluka, ndipo ngati pali munthu wina wopanda manyazi wofuna kuphikamo, iye sangamuletse. Anawonjeza kuti pali thumba la fulawa lomwe likumuphera malo m'nyumba, ndi zitini zakale zomwe ankafuna kutaya. Nagama anagwada kuti athokoze.

"Dzukani apo, musandichititse manyazi," anatero Nachanza. "Kumsika kwandikwana. Ndizitukwana ndani inu kulibe?"

Kuyambira pamenepo amayi awiriwa ankaphika pa uvuni umodzi. Nachanza sankatseka pakamwa. Ankanyoza mmene Nagama amakandira fulawa, mmene amasonkhezera moto, ngakhale mmene amatsokomolera. Nagama ankameza zonsezo pamodzi ndi utsi, pokumbukira kuti pamene pali uvuni wa mwini, lilime lako limakhala m'thumba. Koma kumsika zinthu zinayenda mwina. Anthu anali atawasowa masikono a Nagama, ena ankagulanso pomumvera chisoni, moti dengu lake linkatha dzuwa lisanatenthe, la Nachanza likali lodzaza. Nachanza anali atauza mudzi wonse kuti chaka chimenecho achotsa udzu padenga lake n'kukhoma malata. Sizinatheke. Ana ake anadya masikono ogona mpaka kuyamba kuthawa akaona dengu. Komabe Nachanza sanamuthamangitse mnzakeyo mpaka tsiku lomwe Nagama anamanganso uvuni wake.

Wachitatu anali a Gelesomu, mlongo wake wa Nagama. Awa analibe njerwa, analibe uvuni, ndipo khasu linkawadwalitsa msana akangoliona. Chomwe Mulungu anawapatsa mosaumira chinali pakamwa. Anauza mlongo wawo kuti lonjezo la anthu a zipewa lili ngati nkhuku yachilendo, ukapanda kuilondola imakagona kwa ena. Ndiye anavala jekete lawo la ku ukwati, anagulitsa tambala kuti apeze yokwerera matola, ulendo wa ku boma komwe kunali ofesi ya bungwe lija.

Kumeneko anawauza kuti abwere mwezi wamawa. Mwezi wamawawo anagulitsa thadzi, anapitanso. Anawauza kuti bwana ali kumsonkhano. Anagulitsa thadzi lina. Anawauza kuti malata afika koma lole yafa. Anapita atabwereka sipanala. Mlonda wa pageti anafika powazolowera mpaka ankagawana nawo chinangwa, pamene makalaliki akangoona jekete lija pazenera ankathawira kuseri, wina mpaka anabisala kunsi kwa tebulo, a Gelesomu n'kukhala pampando kuyamba kucheza ndi mapazi ake. Nkhuku zitatha m'khola anagulitsa mbuzi yawo imodzi yokhayo. Ulendo uliwonse nkhani ya mlongo wawo inkakula. Poyamba anali mayi wamasiye wa ana atatu. Pofika nthawi yokolola anali wolumala mwendo, wosaona bwino, wolera ana amasiye odzaza bwalo. Nagama ankawadandaulira kuti aleke kutha ziweto chifukwa cha mphepo, koma iwo ankati munthu sasiya kukumba mbewa mchira utaoneka. Mawu amenewa sankawanena a Sandifolo ali pafupi.

Miyezi inapita. Masikono anayenda bwino, Nagama anasunga pang'onopang'ono, ndipo chilimwe chitafikanso anagula malata akeake n'kukhoma panyumba yopendekera ija. Anthu a zipewa aja, Nagama anali atawaiwala kalekale.

Ndiye tsiku lina masana, ali pakhonde kukanda fulawa, anamva kulira kwa lole. Pamwamba pa katundu panali a Gelesomu, jekete likuuluzika ndi mphepo, akubayibitsa mudzi wonse ngati mkwati. Lole inazungulira makomo onse omwe anapsa, n'kumalizira pa Nagama. Mkulu wa anthu a zipewa anatsika, anayang'ana denga lonyezimira, anayang'ana mayi wojintcha yemwe anabwera akuthamanga ndi miyendo yake iwiri, n'kufunsa komwe kuli mayi wolumala uja. A Gelesomu anayankha msangamsanga kuti mapemphero a kumudzi kuno ndi amphamvu. Mkuluyo anali atatopa nawo kwambiri moti sanafunenso kumva zambiri. Analamula anyamata ake kutsitsa mtolo wa malata, nati ndi a mayiyo, achite nawo zomwe akufuna, bola bambo wa jeketeyo asadzaonekenso ku ofesi.

Nagama anaima n'kumayang'ana mtolowo. Anali malata okwanira nyumba imodzi yaing'ono, osaposera. Iye denga anali nalo kale. Ndipo anthu atatu omwe anamuimika pa miyendo yake onse ankagona pansi pa udzu, cha kumapeto kwa mudzi komwe tchire limayambira, nyengo ya moto itayandikiranso. Mumtima mwake anadziwa kuti malatawo sangawagulitse, anthu atatuwo akuona.

Sanachedwe kufika. A Sandifolo anabwera ngati ongodutsa, n'kuyamba kugogoda malatawo ndi chala, akuyamikira kulimba kwake. Ananena moyang'ana kumbali kuti akanakhala kuti njerwa zawo sanazipereke, bwenzi pano ali m'nyumba yabwino, akazi awonso bwenzi atasiya kuwakumbutsa nkhaniyi m'mawa uliwonse. Anati munthu amayamba wagona kenaka n'kuganiza za malonda, ndipo wopanda pogona saphika sikono.

Nachanza anabwera ndi dengu lake kumutu. Anati iye sakupempha kanthu kwa munthu, ndipo malata otere ngopyapyala, sangawafune n'komwe. Koma anakhala pansi pomwepo osachoka. Kenaka anakumbutsa anthu kuti khoma silidyedwa, kuti malata omwe ali padenga la Nagama anatuluka mu uvuni wake, ndipo kuti pa anthu atatuwo ndi iye yekha amene sanali m'bale, amene akanatha kungokhala chete n'kudya msika wonse yekha.

A Gelesomu sanadikire kuti amalize. Anafunsa kuti kodi chomwe anthu akukanganiranachi chabwera ndi ndani. Anati pakadapanda nkhuku zawo, mbuzi yawo ndi nsapato zawo zomwe zinatha zidendene, bwenzi pabwalopo palibe mtolo uliwonse, ndipo makomo ena onse omwe alandira lero akuyenera kuthokoza pakamwa pomwepa. Nachanza anati thandizo lobwera munthu atachira ndi ngati mankhwala ofika pamaliro. A Gelesomu anati bola iwo sanatukwane mlongo wawo chaka chathunthu. A Sandifolo anati onse awiri akulankhula zopanda mutu, ndipo apo Nachanza ndi a Gelesomu anatembenukira kwa iwo nthawi imodzi n'kufunsa kuti kodi m'phiri muja ankakatani tsiku lija. A Sandifolo anayamba kuyang'ana mitambo.

Nagama anayesa nzeru yogawa patatu. A Sandifolo, monga mmisiri, anayeza ndi mapazi n'kunena kuti aliyense apeza ofolera khola la nkhuku basi. A Gelesomu anati iwo nkhuku alibenso. Nagama anayesanso kunena kuti mmodzi atenge chaka chino, enawo adzawagulira m'tsogolo masikono akayenda. Onse atatu anavomera ndi mtima wonse, aliyense akuganiza kuti mmodziyo ndi iye.

Dzuwa linapendeka anthu atadzaza pabwalo, aliyense ndi mbali yake. Fulawa uja anatupa mpaka kusefukira m'beseni, mwini wake osamuona. Nagama anakhala pamwamba pa mtolo wa malata, dzanja lili patsaya. Akayang'ana mlamu wake ankakumbukira mvula yomwe inawapeza ali pouma, komanso mphekesera ya khasu lija. Akayang'ana Nachanza ankakumbukira ana ake akudya n'kukhuta, komanso mawu olasa omwe anameza. Akayang'ana mlongo wake ankaona khola lopanda kanthu, komanso bodza lomwe linamulumaza mwendo iye ali bwinobwino.

"Abale anga," anatero pomaliza, "moto unandisiya ndi mutu umodzi wowawa. Inu mwandipatsa itatu."

Mpaka pomwe ine ndinkachoka pamenepo, mayiyo anali asanatsike pamtolo paja. Tsono inu mwamva nkhani yonse, palibe chomwe ndakubisirani. Mukanakhala Nagama, malatawo mukanakhoma padenga la yani: la mlamu amene anapereka njerwa zake koma mwina ndi yemwe anayatsa moto, la mdani amene anatsegula uvuni wake akutukwana, kapena la mlongo amene anatha ziweto zake kulondola thandizo lofika mochedwa?