Mawailesi Anadikira Ng'oma

Ana inu, mukamva munthu akuti chakudza sichiimba ng'oma, mumayesa ndi mawu ongokometsera nkhani. Ena adzakuuzani kuti mwambiwu unachokera kwina, ndipo sindilimbana nawo. Koma kwathu timadziwa tsiku limene unatuluka m'kamwa mwa munthu, pakuti ineyo ndinalipo, ng'oma ili pakati pa miyendo yanga.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa boma lina la kumapiri, kumene foni inkagwira ukakwera pachulu. Apolisi anali ndi mawailesi olankhulirana, aja mumati ovaova, koma ankamvana okhaokha. Chipatala chachikulu chinali ndi wailesi yakale yomvana ndi zipatala zazing'ono za kumidzi. Ambulansi inalibe kanthu. Ikangotuluka pageti, dalaivala sankamva za munthu aliyense mpaka atabwerako.

Mkulu woona za ngozi zogwa mwadzidzidzi anali Bambo Dzimbiri. Musawaganizire zoipa, sanali wakuba kapena waulesi. Iwowa ndi amene analemba makalata zaka zitatu, kupempha mabungwe kuti athandize. Bungwe lina linamva, linapereka thandizo la ndalama, ndipo anagula mawailesi atsopano oti apolisi, chipatala ndi ambulansi azimvana onse pamodzi. Mlongoti unaimikidwa paphiri. Chotsala kunali kungotsegula makatoni.

Koma inu mukudziwa mmene timachitira. Mphatso ya bungwe sigwira ntchito mlendo wolemekezeka asanadule riboni, magule asanavinidwe, zithunzi zisanajambulidwe. Bambo Dzimbiri anatsekera makatoni m'chipinda, kiyi n'kuika m'thumba la jekete. Ine anandipatsa ntchito yokonzekeretsa magule, ndipo kunena zoona ndinkayenda ndi mapewa m'mwamba. Mlendo uja anasintha tsiku kamodzi, anasinthanso kachiwiri. Ife tinkangowamba ng'oma pamoto, mvula n'kuyamba.

Tsiku lina dalaivala wa ambulansi, Bambo Gwedeza, anawapeza Bambo Dzimbiri pabwalo pamene tinkayeserera.

"Bwana, tandibwerekani imodzi yokha ndiike m'galimoto. Tsiku la mwambo ndidzaipukuta n'kuibwezera m'katoni. Adzadziwa ndani?"

"A Gwedeza, mukufuna ndichite manyazi? Mlendo adzatsegule katoni yong'ambika? Adzati anthu awa ngosalongosoka, mawa sadzatipatsanso kanthu."

"Komatu mitsinje yayamba kudzaza, bwana."

"Mwayenda zaka khumi opanda wailesi. Masabata awiri okha akupheni?"

Tonse tinaseka, inenso ndinaseka nawo. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Bambo Dzimbiri anali ndi mwana mmodzi yekha wamkazi, dzina lake Ndaziona. Anakwatiwa ku Kanyimbo, mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo anali woyembekezera mwana wake woyamba. Njira zopitira kumeneko zinali ziwiri. Ya kumunsi, yodzera pamlatho, inali ya ola limodzi ndi theka. Ya kumtunda, yozungulira phiri, inali ya maola awiri.

Kutatsala masiku atatu kuti mwambo uchitike, matenda anamuyamba Ndaziona m'mawa. Anachira bwino mwana wamkazi pachipatala chaching'ono cha ku Kanyimbo, koma magazi sanasiye. Namwino anaitana chipatala chachikulu pa wailesi yakale ija, ndipo Gwedeza anadzambatuka, kulowera njira ya kumunsi monga mwa masiku onse.

Chimene sankadziwa n'chakuti mlatho unali utakokoloka mbandakucha. Apolisi ankadziwa. Awiri a iwo anaima pomwepo kubweza anthu, ndipo anali atauza anzawo onse pa mawailesi awo. Uthenga unazungulira apolisi okhaokha, achipatala osamva kanthu.

Gwedeza anafika pamtsinje n'kupeza madzi okhaokha, ndipo anafunsa apolisi aja.

"Mlatho uli kuti?"

"Wapita kalekale, achimwene. Simunamve?"

"Ndikanamvera pati?"

Anatembenuza galimoto, kubwerera m'matope mpaka paboma, n'kuyambanso njira ya kumtunda. Ulendo wa maola awiri unasanduka wa maola asanu. Anamupeza Ndaziona akupumabe, anamunyamula pamodzi ndi khanda lake, koma Ndaziona anatsirizikira panjira, denga la chipatala likuoneka patsogolo.

Madzulo amenewo ife tinali pabwalo, ng'oma zitakolera, Bambo Dzimbiri atakhala pampando kuonerera ngati tikukhoza. Tinangoona Gwedeza akubwera wapansi, matope mpaka m'mawondo, chipewa chili m'manja. Sanapereke moni. Anagwada pafupi ndi mpando n'kulankhula motsitsa mawu. Ine ndinaika chikhatho pang'oma, anzanga nawonso analeka.

Bambo Dzimbiri sanalire msanga. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Mukanadzera kumtunda poyamba pomwe, akanakhala moyo?"

Gwedeza anayang'ana pansi. "Adokotala akuti akanakhala, bwana."

Mkulu uja anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kiyi, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana ng'oma zathu.

"Ine ndimadikira ng'oma," anatero. "Ndimayesa zonse zimabwera ngati mlendo wolemekezeka, kuyamba zatumiza kalata. Chakudza sichiimba ng'oma, anthuni."

Tsiku lomwelo, asanapite kukaona thupi la mwana wawo, anatsegula chipinda chija n'kung'amba makatoni ndi manja awo. Wailesi yoyamba anaipereka kwa Gwedeza. Uthenga woyamba umene unadutsa pa mawailesi atsopanowo, umene apolisi, chipatala ndi ambulansi anaumva onse pamodzi, unali wa maliro a Ndaziona.

Ndiye mukamva kuti chakudza sichiimba ng'oma, tanthauzo lake ndi ili: tsoka silichenjeza, silisankha tsiku, ndipo silidikira kuti mumalize zokonzekera zanu. Chimene chingapulumutse munthu chigwire ntchito lero, zokondwerera zibwere pambuyo. Mwambo uja sunachitikenso. Khanda lija linakula, ndipo ndinaliphunzitsa sitandade 5. Tsiku lina linandifunsa chifukwa chake agogo ake, Bambo Dzimbiri, amatuluka m'tchalitchi ng'oma ikayamba kulira, ndipo ine, mphunzitsi wa miyambi, ndinamukhazika pansi n'kumuuza nkhani imene ndakuuzaniyi.