Mtembo Ukubwera Wokha

Chaka chija njala inalowa mpaka m'mauna, Sakhwi, kanyama ka mphuno yaitali kaja, anaonda mpaka ana ake ankamuwerenga nthiti. Chakudya chinatsala m'nkhokwe za nyama zikuluzikulu, ndipo nkhokwezo zinkatsekulidwa pamaliro pokha. Tsoka lake, palibe amene ankafa.

Tsiku lina anaona amayi oluka mikeka akuwiritsa makungwa a mlombwa n'kunyikamo mlaza. Mlazawo unatuluka uli psuu ngati magazi. Sakhwi anaseka yekha, nakasenda makungwa ake, n'kuwiritsa mphika wodzaza.

"Achimwene a Nguluwe," anatero, "khungu lanuli latuwa. N'chifukwa chake alamu sakukuyang'ananinso. Bwerani ndikunyikeni muwale."

Nguluwe anagona chafufumimba, Sakhwi n'kumuthira utotowo kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Usanaume n'komwe, Sakhwi anathamangira kwa mkazi wa Nguluwe.

"Alamu, limbani mtima. Achimwene alasidwa ndi alenje. Mtembo ukubwera wokha."

Mayiyo ataona mwamuna wake ali magazi okhaokha, anadzigwetsa pansi n'kuyamba kubuma.

"Ndili moyo ine!" anakuwa Nguluwe.

"Musawamvere," anatero Sakhwi. "Imfa yadzidzidzi imatero, mwiniwake amamva pomalizira."

Anansi anamugoneka Nguluwe pamphasa, n'kumufunditsa, n'kutsekula nkhokwe. Sakhwi anadzisankha yekha kukhala wogawa chakudya: dengu limodzi kwa olira, awiri kuuna kwake. Tsiku lachitatu mvula inadontha padenga, malemu anasuluka, nadzuka kufunsa chinangwa. Anthu anati n'zodabwitsa, nabalalika.

Sabata yotsatira ananyika Njati. Uyu sanavute n'komwe. Atamva akumutamanda, analira nawo maliro ake: "Zoonadi, ndinali munthu wabwino ine!" Kwa Sakhwi mtedza unadzaza mpaka pakhomo.

Pamenepo wanzeru akanaleka. Koma ukatambatamba umayang'ana kum'mawa, ndipo Sakhwi sanayang'ane. Ananyikanso Mbidzi, n'kusiya mphika wake kuseri kwa nyumba ya maliro. Ulendo uno kunabwera Fisi, amene anakhala pafupi kwambiri ndi mtembo, misozi ikutuluka m'maso, dovu m'kamwa. Anzake ali mkati moimba, iye ananyambitako mwendo.

"Ptu! Magazi anji owuma pakhosi chonchi? Ine magazi ndimawadziwa, abale. Uwu ndi mtengo!"

Maso onse anatembenukira kwa wogawa chakudya. Sakhwi anati phazi thandize, koma pokhota kuseri anagwera mumphika uja, chubwi! Anavuuka ali psuu, nathawabe mpaka kwawo, akuseka kuti wawapulumuka.

Mkazi wake atamuona anagwira mutu. "Mayo ine! Bambo a ana aphedwa!"

"Khala chete iwe, ndi utoto uwu!"

Kulirako kunali kutamveka kale. Nguluwe, Njati ndi Mbidzi anafika ndi mudzi wonse, nkhope zili zachisoni.

"Pepani alamu," anatero Nguluwe, akumupanikiza Sakhwi pamphasa ndi chiboda. "Tsekulani nkhokwe, ife tigonera pompano."

"Ndili moyo, achimwene!"

"Tikudziwa mmene zimakhalira," anatero Njati. "Nanenso ndinafapo."

Anakhala masiku asanu, mvula osagwa. Sakhwi anangogona pamphasa, mtima ukumuwawa, akumva mtedza wake ukuphwanyika m'kamwa mwa olira mpaka njere yomaliza. Akuti ndi maliro okhawo m'dzikomo amene malemu analira kuposa onse.